Chidale cha nkhuku m'chiwaya cholemera: chikamata, chikapserera, chikauma

Pa nkhuku yonse, nyama yovuta kukazinga ndi ya pachidale, imene ena amati nganga. Ntchafu imapirira moto chifukwa ili ndi mafuta ambiri. Mutha kuiiwala pamoto kwa kanthawi koma n'kudyekabe. Chidale ayi. Ndi mnofu wokhawokha, ndipo mpata wa pakati pa kupsa bwino ndi kuuma gwa ndi mphindi 2 kapena 3 basi. Ndiye mukachiika m'chiwaya cha chitsulo chokhuthala, chija chakuda bii cholemetsa dzanja, madandaulo amakhala omwewomwewo: nyama yamata, kunja kwapserera mkati musanapse, kapena yapsa ndithu koma ikukana kutsika pakhosi.

Ambiri amaloza chala nkhuku kapena mafuta. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti wophika akuyang'ana moto m'malo moyang'ana chiwaya. Chitsulo chotere chimachedwa kutentha, ndipo chikatentha chimachedwanso kuzizira. Moto umene mwaupemerera panopa, chiwaya chiumva pakapita mphindi zingapo. Mukaphula makala, icho chimapitirizabe kuwotcha ndi moto wakale uja. Mavuto ambiri amene tikambe pano gwero lake ndi limeneli.

Yambani mwadziwa chiwaya chanu

Pamsika wa Dedza Boma kapena wa Lizulu mupeza ziwaya zamitundu ingapo, ndipo sizikazinga mofanana. Pali chosula amisiri kuchokera ku chitsulo chopyapyala, chonga chimene anyamata a chipisi amagwiritsa ntchito m'mbali mwa msewu wa M1. Chimenecho chimatentha msanga, chimazizira msanga. Pali zina zokhuthala zotuwa, zoumba ndi aluminiyamu wosungunula. Ndiye pali chimene tikunena pano, choumba ndi chitsulo chosungunula, chimene chogwirira chake n'chopitirira ndi thupi lake, chopanda misomali kapena zowotcherera. Cha masentimita 26 m'mimba mwake chimalemera makilogalamu oposa 2. Ngati mukukayika, gunditsani maginito: ku chitsulo amamata, ku aluminiyamu samata.

Kusiyanaku n'kofunika. Aluminiyamu amafalitsa kutentha mofulumira kangapo kuposa chitsulo chosungunula. Choncho chiwaya chathuchi chikakhala pa moto waung'ono wolunjika pamodzi, monga pa hotipuleti yaing'ono kapena pa kamulu ka makala apakati pa mbaula, pakati pamatentha kwambiri m'mbali mukadali mozizira. Ubwino wake ndi wina: chikatentha chonse chimasunga kutenthako, moti nyama yozizira ikagweramo sichifooka. N'chifukwa chake chimafiiritsa nyama bwino kuposa ziwaya zinazi, koma pokhapokha mutachipatsa nthawi.

Musatengere za pachipisi. Paja nyama imamira m'mafuta ambiri ndipo imapsa mbali zonse nthawi imodzi. Kuno mafuta ndi supuni imodzi yaikulu, ndipo chimene chikupsetsa nyama ndi chitsulo chenichenicho.

Kunja kwapserera, mkati simunapse

Tayang'anani chidale chosadula. Mbali imodzi n'chonenepa, mwina masentimita 4 pa nkhuku yachizungu yaikulu, ndipo kunsonga chimapyapyala mpaka kuchepera sentimita imodzi. Palibe moto umene ungapsetse mbali ziwirizi pa nthawi yofanana. Mukadikira konenepa, kunsonga kwauma. Mukatsata kunsonga, konenepa mkati mukadali mwawisi. Ndiye chiyambi cha zonse ndi kulinganiza makulidwe, ndipo tinganene mosabisa kuti amene wadumpha gawo ili, malangizo ena onsewa amuthandiza pang'ono chabe.

Njira zilipo 2. Yoyamba, ikani chidale pathabwa, chivundikireni ndi pepala la pulasitiki loyera, ndipo menyani konenepako ndi pansi pa botolo lolimba kapena pansi pa kapoto. Menyani pang'onopang'ono kuchokera pakati kupita kunja, osati mwaukali ngati mukusinja chimanga, chifukwa nyamayi imang'ambika. Lekani chikafika masentimita 1.5 mpaka 2 paliponse. Yachiwiri, imene ndi yabwino pa chidale choposa magalamu 250, ndi kuchigoneka, kuchipsinja ndi chikhatho, n'kuchicheka cham'mbali ndi mpeni wakuthwa kuti patuluke zidutswa 2 zopyapyala. Kunsi kwa chidale kumakhala kamnofu kakatali kolendewera. Kachotseni, mukazinge pakokha, chifukwa kamapsa m'mphindi 2 mbali iliyonse.

Kenako moto. Moto woyenera ndi wapakati, osati waukali. Pambaula, dikirani mpaka malawi atatha ndipo makala ayamba kutuwa ndi phulusa pamwamba. Yalani makalawo kuti akwane pansi ponse pa chiwaya, asaunjikane pakati. Ikani chikhatho pamwamba pa makala, motalikira ngati masentimita 12. Mukatha kupirira masekondi 5 mpaka 7, moto uli bwino. Dzanja likathawa pa masekondi 2 kapena 3, moto wachuluka. Phulani makala ena kapena tsekani kachitseko ka mphepo ka mbaula.

Ngati mbaula yanu ndi yaikulu, kankhirani makala ambiri mbali imodzi, mbali inayo musiye ochepa. Potero mumakhala ndi pothawira. Pa chiwaya chotere, njira yokhayo yochepetsera kutentha mwachangu ndi kuchisuntha kapena kuchiphula kumene kwa mphindi imodzi. Nyama imapitirizabe kulira ngakhale chiwaya chili pansi. Pa gasi kapena pa magetsi n'chimodzimodzi: mukapotokola batani, musayembekeze kuti chiwaya chimva pompo. Chepetsani moto musanaone vuto, mwachitsanzo nthawi imene mukutembenuza nyama.

Pali za mphepo. Mu June ndi July kuno ku Dedza, ku Bembeke kapena ku Tsangano, mphepo yozizira imachita zinthu ziwiri zotsutsana: imakoleza makala pansi, n'kumaziziritsa nyama pamwamba. Zotsatira zake ndi zomwezija, pansi kupserera pamwamba pasanamve moto. Ikani mbaula pamalo otchinga mphepo, pakhonde kapena kuseri kwa khoma. Koma musailowetse m'nyumba yotseka mazenera. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, ndipo umapha.

Nanga zikachitika kale, kunja kwafiira bwino koma mwacheka n'kupeza mkati mukunyezimira? Musaonjezere moto. Sunthirani chiwaya ku moto wochepa, thirani supuni zazikulu 2 kapena 3 za madzi m'mbali mwa nyama, vundikirani, dikirani mphindi 3. Nthunzi imalizitsa mkati popanda kupsereza kunja. Mwa apo ayi, dulani nyamayo m'zidutswa, mumalizire mumsuzi.

Chidale cha fupa ndi chikopa chimafuna nthawi yaitali. Yambani ndi mbali ya chikopa pa moto wapakati kwa mphindi 8 mpaka 10, tembenuzani, vundikirani pa moto wochepa kwa mphindi 15 mpaka 20. Amene ali ndi uvuni alowetse chiwaya chonsecho pa madigiri 200 atatha kufiiritsa chikopa.

Nyama yamata pachiwaya

Apa zoyambitsa zimakhala zingapo ndipo nthawi zambiri zimabwera pamodzi, koma chachikulu ndi kufulumira kuika nyama. Terekani chiwaya chopanda kanthu pa moto wapakati kwa mphindi 5 zathunthu, ndipo kukazizira kwambiri mpaka 8. Pa mbaula kapena hotipuleti yaing'ono, muzichizunguza pang'ono kuti m'mbali namo mutenthe. Kuti mudziwe ngati chakonzeka, wazani timadontho ta madzi ndi nsonga za zala, osati pakati pokha komanso cha m'mbali. Tikalira kuti chwaa n'kuuma m'sekondi imodzi kapena 2, chakonzeka. Tikangokhala phee n'kumachita thovu pang'onopang'ono, dikirani.

Mukatero thirani mafuta, supuni imodzi yaikulu, n'kupendeketsa chiwaya kuti afike ponse. Akayamba kuyenda mopepuka ngati madzi n'kumanyezimira, ikani nyama. Akayamba kufuka utsi, mwachedwa: phulani chiwaya, chipume mphindi imodzi. Poika nyama, igonekeni kuchokera kwa inu kupita kutsogolo kuti mafuta asakuthovukireni.

Chachiwiri ndi chinyezi. Nyama yonyowa ikagwera pachitsulo, kutentha konse kumathera kuumitsa madziwo, ndipo madzi sangatenthe kupyola pamene amawira. Pamalo okwera ngati Dedza, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, madzi amawira cha pa madigiri 95. Koma nyama imayamba kufiira ndi kununkhira ikafika madigiri 140 kupita m'mwamba. Ndiye malinga ngati pansi pa nyama pali madzi, nyamayo ikuwira, siikukazingika, ndipo mnofu wosafiira ndi umene umagwirana ndi chitsulo. Pukutani chidale mbali zonse ndi pepala la m'khitchini kapena kansalu koyera kouma, ndipo kansaluko kapite kochapa nthawi yomweyo. Kupaka timafuta pang'ono panyama penipenipo kumathandizanso.

Chachitatu ndi dzanja losakhazikika. Aliyense wophika nsima amadziwa nkhoko. Mukafuna kuzikanda nsima itangophulidwa, zimakana, zimangonyenyeka. Zikauma bwino, zimamatuka zokha. Nyama imachitanso chimodzimodzi. Mphindi zoyambirira imagwira chitsulo ndithu, ndipo si vuto. Pansi pake pakauma n'kufiira, imadzimasula yokha. Choncho mukaiika, isiyeni. Musaisunthe, musaipsinje, musaisuzumire pansi. Chidale cha masentimita 2 chimafuna mphindi 5 kapena 6 mbali yoyamba. Zikakwana, lowetsani chotembenuzira chachitsulo chopyapyala pansi pake mofatsa. Chikakana, dikirani masekondi 30 ena mpaka mphindi imodzi, muyesenso. Mudzaona kuti mtundu woyera wakwera m'mbali mwa nyama kufika cha pakati; chimenecho ndi chizindikiro china chakuti nthawi yakwana. Mbali yachiwiri imatenga nthawi yocheperapo, mphindi 3 mpaka 5, pa moto wotsikirapo.

Mukachita zonsezi koma nyama ikumatabe, ndiye vuto lili pa chiwaya. Kuda kwa chiwaya chosamalidwa bwino si mwaye kapena litsiro ayi. Ndi mafuta amene anatenthedwa mpaka kusanduka kakhungu kolimba, kogwirana ndi chitsulo, ndipo kakhungu kameneka ndi kamene kamaletsa chakudya kumata komanso kutchinga dzimbiri. Anthu ambiri aukhondo amakachotsa osadziwa, pokwecha ndi mchenga, phulusa kapena sitiliwulu mpaka chiwaya kuwala ngati poto wa aluminiyamu. Pa mapoto ena chimenecho n'chonyaditsa. Pa chiwaya ichi ndi kuchivula.

Kubwezeretsa kakhunguka sikovuta. Tsukani chiwaya, chiumitseni pamoto. Chikadali chofunda, thirani theka la supuni ya tiyi ya mafuta ophikira, mupake ponse ndi kansalu, mkati, kunja ndi chogwirira chomwe. Kenako tengani kansalu kena kouma mupukute ngati mukufuna kuchotsa mafuta onsewo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mafuta akachuluka sauma, amasanduka ulimbo wonanda. Terekani pa moto wapakati mpaka chifuke utsi, ndipo chisiyeni mpaka utsiwo utatha, ngati mphindi 10. Chizizire pang'ono, mubwerezenso katatu kapena kanayi. Mu uvuni, chivundikireni chafufumimba pa madigiri 230 kwa ola limodzi ulendo uliwonse. Masiku otsatira kazingiranimo mbatata ya kachewere, anyezi kapena zitumbuwa. Mbatata kuno sitisowa, ndipo palibe chimene chimakhwimitsa chiwaya ngati kuchigwiritsa ntchito ndi mafuta kawirikawiri.

Yapsa koma yauma

Nyama ya nkhuku imakhala yotetezeka kudya pakati pake penipeni pakafika madigiri 74. Kuposa pamenepo simukuphanso tizilombo tina, mukungofinya madzi. Mnofu ukamatentha umakhwinyata ngati nsalu yopotokola, ndipo pofika madigiri 80 kupita m'tsogolo chidale chimakhala chatha, choyera mbuu, chonyenyeka ngati thonje. Ambiri aife tinakula tikuuzidwa kuti nkhuku ipse mpaka ipsetsetse, ndipo pa nkhuku yachikuda ya mumphika ndi zoona. Pa chidale chokazinga, lamulo lomwelo ndi limene limawononga ndiwo.

Ngati mumakazinga chidale kawirikawiri, makamaka a malo odyera ndi ogona alendo, gulani kachipangizo kopimira kutentha kwa nyama, kaja kokhala ndi kasingano. Kalowetseni cham'mbali mpaka pakati pa ponenepa, kasagunde fupa kapena chiwaya. Phulani nyama ikafika madigiri 71 kapena 72, muiike pambale yofunda, muivundikire ndi mbale ina mosatseka kwambiri, ipume mphindi 5. Kutentha kwa kunja kumapitiriza kulowa mkati. Pimaninso: ikhale itafika 74. Ikapanda kufika, ibwerere pamoto mphindi imodzi. Kukazizira, mbale yozizira imaba kutenthako, ndiye yambani mwaitsuka ndi madzi otentha n'kuipukuta.

Opanda kachipangizoka acheke pang'ono ponenepa kwambiri ndi nsonga ya mpeni. Mnofu ukhale woyera mpaka pakati, usaoneke wonyezimira ngati wawisi, ndipo madzi otuluka akhale oyera, osati ofiirira. Njirayi siyolondola ngati kupima, choncho ngati chakudyacho ndi cha ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba kapena odwala, onjezerani mphindi imodzi.

Cholakwa china chimene chimachitika mosadziwa ndi kusiya nyama m'chiwaya mutachiphula, poti mukudikira nsima. Chiwayacho chikadali pa ntchito. Mphindi 5 zokha m'menemo zimakwanira kuumitsa nyama imene inapsa bwinobwino. Chotsanimo. Ndipo konzani nthawi yanu kuti nsima ndi masamba ziyambe, chidale chikhale chomaliza.

Musadule nyama itangochoka pamoto. Madzi ake amathera pathabwa. Ikapuma, iduleni mopingasa ulusi wa mnofu, osati motsata.

Tsopano mchere, umene ndi mthandizi wamkulu pa nkhaniyi. Mchere ukalowa mkati mwa mnofu umauthandiza kusunga madzi pamoto. Koma umafuna nthawi. Njira yonyowa: sungunulani supuni zazikulu 3 zosasefukira za mchere wosalala, pafupifupi magalamu 50, mu lita imodzi ya madzi ozizira. Mizani zidale kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi, mufiriji kapena pamalo ozizira. Musapyole maola 2, chifukwa nyama imawawa mchere n'kuchita ngati siponji. Vuulani, pukutani kwambiri, ndipo musathirenso mchere wina. Mchere wamibulu uyambe wasungunuka wonse musanaike nyama.

Njira youma ndi ya amene ali ndi firiji yodalirika. Wazani theka la supuni ya tiyi ya mchere wosalala pa chidale cha magalamu 250 mpaka 300, mbali zonse, muchisiye mufiriji chosavundikira kwa ola limodzi kapena usiku wonse, pa shelefu ya pansi kuti chisadonthezere zakudya zina. Ife timakonda imeneyi chifukwa kunja kumauma ndipo kumafiira bwino kwambiri. Chimene simuyenera kuchita ndi kuthira mchere n'kudikira mphindi 10 kapena 15. Pa nthawi imeneyo mchere umakhala utakoka madzi kubwera pamwamba koma asanabwerere mkati, ndipo mumaika m'chiwaya nyama yonyowa. Nthawi ikachepa, thirani mchere pompo poika pamoto.

Mandimu ndi viniga musanyikemo chidale nthawi yaitali. Kupitirira ola limodzi, kunja kumayera n'kuchita ngati ufa. Finyirani ndimu pomaliza, nyama itapsa.

Yalimba chonsecho simunapsereze

Funso loyamba: nkhukuyo inaphedwa liti? Mwambo wathu ndi wakuti mlendo akafika, nkhuku igwidwe, iphedwe, ilowe mumphika. Pa nkhuku yowiritsa nthawi yaitali palibe vuto. Koma nyama ya chiweto chilichonse imayamba kuuma thupi chikangophedwa, ndipo pa nkhuku zimenezi zimayamba msanga, m'maola oyambirira. Mukasenga chidale kuchichotsa pafupa nthawi imeneyo, mnofu umakhwinyata popanda choukoka, ndipo ukakazingidwa umalimba ngati mphira ngakhale mupime kutentha molondola. Nkhuku yosadula ikhale mufiriji maola osachepera 4 mpaka 6, kapena usiku wonse, kenako musenge chidale. Opanda firiji asayese kuisiya panja maola onsewo, ngakhale m'nyengo yozizira. Iwo adule chidale mopingasa m'tizidutswa topyapyala ngati theka la sentimita, akazinge mphindi imodzi kapena 2 mbali iliyonse, kapena angophika yamsuzi.

Funso lachiwiri: ndi nkhuku yanji? Yachizungu ya nyama imaphedwa ili ndi milungu 5 mpaka 7, ndipo nthawi zimene tatchula m'mwambamu ndi za imeneyo. Yachikuda, ya mikolongwe, kapena yoikira mazira imene yatopa, imakhala ya miyezi yambiri, yoyendayenda, chidale chake chaching'ono ndi cholimba. Kukoma imakoma kuposa yachizungu, koma moto wa mphindi 10 suifewetsa. Ifiiritseni m'chiwaya mphindi 3 mbali iliyonse, kenako isamukire mumphika ndi madzi pang'ono, iwire pa moto wochepa kwa ola limodzi kapena kuposerapo. Kumbukirani kuti kuno madzi amawira asanatenthe ngati a kunyanja ku Salima, ndiye zowiritsa zonse zimachedwerapo.

Palinso zidale zina za nkhuku zachizungu zazikulu kwambiri zimene zimakhala zolimba zikadali zaziwisi. Mukazikhudza konenepa kumakhala gwa ngati thabwa, kotumbululuka, nthawi zina ndi mizere yoyera. Zimachokera ku kukula mofulumira kwa nkhukuyo. Kudya zimadyeka, koma sizifewa ndi njira iliyonse yokazingira. Zidulenidulenini kapena muzigaye. Pogula, sankhani zapakatikati zofewa mukazisindikiza ndi chala.

Yatuluka madzi, yangotuwa

Mwadzaza chiwaya. Cha masentimita 26 chimakwana zidale 2, ndipo pakati pake pakhale mpata wa zala 2 kuti nthunzi ithawe. Alendo akachuluka kazingani maulendo angapo, ndipo pakati pa maulendowo pukutani zopserera, chiwaya chitenthenso mphindi imodzi kapena 2. Musavundikire poyamba.

Nyama yochokera mufiriza imatulutsa madzi ambiri kuposa yatsopano, makamaka imene inasungunuka magetsi atazima n'kuumanso. Isungunuleni mufiriji usiku wonse, kapena m'pepala la pulasitiki lomanga bwino m'madzi ozizira, n'kumasintha madziwo mphindi 30 zilizonse. Madzi otentha ndi dzuwa ayi. Ikhale itasungunuka mpaka pakati. Chidale cha ayisi mkati sichingapse mofanana. Nyama ikayamba kuterera kapena kununkha, itayeni, moto sukonza zimenezo.

Zoyera zonga dzira zimene zimatuluka m'mbali mwa nyama si mafinya. Ndi madzi a mumnofu amene agwirana ndi kutentha. N'zosaopsa, koma zikachuluka zikukuuzani kuti moto wakula kapena nyama inali ya mufiriza.

Pa zaukhondo, madzi otsukira nkhuku yaiwisi amathovukira kutali ndipo amanyamula tizilombo totsegula m'mimba monga Salmonella ndi Campylobacter. Ya m'paketi siifunika kutsuka. Yopha nokha itsukireni panja, kutali ndi mbale ndi ndowa ya madzi akumwa. Kabichi ndi matimati odya osaphika muziyamba mwadula musanagwire nkhuku, ndipo thabwa, mpeni ndi manja zitsukidwe ndi sopo mukangomaliza.

Utsi ndi kuwawa

Majarini ndi batala zimapserera msanga, ndipo majarini ambiri ali ndi madzi amene amathovuka. Yambani ndi mafuta a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza oyengedwa. Mukafuna kukoma kwa batala, ikani supuni imodzi m'mphindi 2 zomaliza, moto mutachepetsa, n'kumathira pamwamba pa nyama ndi supuni. Adyo wosinja, paprika, ufa wa kale (curry), uchi ndi shuga zimada n'kuwawa pa chitsulo chotentha nyama isanapse. Adyo ndi jinja alowe kumapeto, ndipo ngati munanyika nyama m'zokometsera, zipukuteni musanakazinge. Mafuta otsala pokazinga chipisi kangapo amafuka msanga ndipo amapatsira fungo.

Zofiirira zomatirira pansi mutachotsa nyama musataye. Kazingiranimo anyezi mmodzi, thirani theka la kapu ya madzi ofunda, palani ndi mthiko, onjezerani kambuzi ndi timadzi tija tatuluka nyama ikupuma. Msuzi wake umakwana m'mphindi 3. Koma zikakhala zakuda bii, ndi makala amenewo, pukutani.

Fungo la chitsulo, timadontho takuda, dzimbiri

Msuzi ukamamveka chitsulo kapena kuoneka wotuwa, ndi matimati, mandimu kapena viniga zimene zakhalitsa m'chiwaya. Zowawasa zimadya kakhungu kaja, makamaka pa chiwaya chatsopano. Matimati a mphindi 5 mpaka 10 pa chiwaya chokhwima savuta, koma msuzi wowira theka la ola uphikireni mupoto wina. Chakudya chisagonemo.

Timadontho takuda panyama ndi zotsalira zakale zopserera kapena kakhungu kamene kakusupuka chifukwa mafuta anachuluka pokapanga. Thirani supuni zazikulu 2 za mchere wamibulu ndi timafuta m'chiwaya chofunda, kwechani ndi kansalu mpaka pasalale, tsukani, mupakenso mafuta monga tafotokozera.

Kutsuka kwa tsiku ndi tsiku ndi madzi ofunda ndi burashi, chiwaya chikadali chofunda. Sopo pang'ono saononga kakhungu kokhwima. Chimene chimaononga ndi kunyika m'madzi usiku wonse ndi kuyanika pathandala chili chonyowa. Mukatsuka, pukutani, terekani pa makala otsala mphindi 2 mpaka chiume, pakani dontho la mafuta. M'nyengo ya mvula ndi masiku a nkhungu, chiwaya chosapaka mafuta chimatha kuchita dzimbiri usiku umodzi. Dzimbiri si imfa ya chiwaya: apa pokha ndi pamene sitiliwulu kapena mchenga zimaloledwa. Kwechani mpaka kufiira konse kutatha, tsukani, umitsani pamoto nthawi yomweyo, ndipo bwerezani kupaka ndi kutentha mafuta kanayi.

Chimene sichikonzeka ndi mng'alu. Chitsulo chosungunula n'cholimba koma n'chosapindika. Chikagwa pa simenti chimasweka, ndipo madzi ozizira ambiri othira m'chiwaya chotentha kwambiri amatha kuching'amba. Chisiyeni chizizire mpaka mutatha kuchigwira musanachitengere kotsukira. Mukakayika ngati chili ndi mng'alu, chikolekeni pa chala kapena pa chingwe, muchigogode ndi supuni. Chabwino chimalira ngati belu. Chong'aluka chimangoti phu, ndipo chimenecho musakazingiremonso, chifukwa mafuta amatha kudontha pa makala kapena chogwirira kuthyoka mutanyamula.